Tsveti Ali ndi Mano

— Halo?

— Halo, Nevena? Ukundimva?

— Ndikukumvani, Amayi. Mwaswera bwanji?

— Halo? Tadikira ndikwere pa mulu wa nkhuniwu. Kumunda kuno netiweki imakhala m'mwamba ngati khwangwala. Eya. Nanga pano?

— Pano mukumveka ngati muli m'khitchini mwanga muno. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, mwana wanga, kaya iwe?

— Taswera bwino. Bondo lija likuti bwanji?

— Bondo ndi bondo. Tsiku limene lidzasiye kupweteka udzadziwe kuti Tsvetanka wafa.

— Ndiye mwakwera nalo pa nkhuni.

— Nanga nditani? Bambo akowa anati andigulira foni yabwino. Ndi imeneyi.

— Iwo ali bwanji?

— Ali apa, akuwotcha tsabola. Wina akuwotcha, wina akupsereza. Dobri! Tatembenuzani uyo, wasanduka khala! Akuti ndikupatse moni.

— Zikomo, inunso muwapatse. Mano aja akuwakhala bwino?

— Mpaka kunyanya. Chiwapangire iwe manowo, nyama sigona m'nyumba. Dzulo amaswa nawo mtedza.

— Muwauze asiye. Ndinawapangira otafunira, osati hamala.

— Adzamve iweyo, ine anasiya kundimva kalekale. Nanga mwamuna wako Ognyan wakuimbira?

— Anaimba dzulo. Thiraki ili pa mzere pa malire a Austria. Akuti mwina afika Loweruka.

— Mkazi amamuimbira. Ine amene ndinamubala amanditumizira kachithunzi ka chala chachikulu.

— N'chimodzimodzi, Amayi. Ine amandiimbira kufunsa ngati ndalipira magetsi.

— Nanga adzina anga? Tsveti wagona?

— Ayi, ali pa kampando kake. Tikudya.

— Akudya chiyani?

— Chakudya.

— Ndamva kuti chakudya. Wapita kukhitchini ya boma yophikira ana kukatenga timabotolo take ta chakudya?

— Ndapita.

— Mabotolo opanda kanthu unawawiritsa usanawabweze? Mayi wa pawindo uja amayang'ana ngati wapolisi.

— Ndinawiritsa. Amayi, mayunitsi anu akutha. Mwaimbira mabotolo?

— Ayi. Pali chodabwitsa chachitika kuno. Ndinanyamula kachigayo kanga kamagetsi kaja kuti ndipere tsabola wa lyutenitsa, sosi wathu wopaka pa buledi uja. Ndatsegula m'mawa uno, kampeni ka m'kati mulibe.

— Oo.

— Bambo ako ndawakalipira m'mawa wonse. Afufuza m'galimoto, afufuza m'matumba, mpaka pansi pa bedi.

— Muwapepese. Kali m'chikwama changa.

— Wati chiyani? Netiweki iyi...

— Netiweki ili bwinobwino. Ndati kampeniko kali m'chikwama changa. Ndinakachotsa tsiku limene mumanyamuka.

— Unalowa m'nyumba mwanga n'kundibera?

— Makiyi munandipatsa nokha kuti ndizithirira maluwa. Maluwa ndathirira.

— Nevena, ine ndili ndi matumba a tsabola apa!

— Chopukusira chamanja chija chili m'shedi. Amayi anu ankapera ndi chimenecho, mumanena nokha kuti lyutenitsa yake inali yokoma kuposa ya masiku ano.

— Usandiphunzitse za amayi anga. Wachitiranji zimenezi?

— Chifukwa Lolemba Tsveti akuyamba kumkombaphala, ine ndikubwerera ku ntchito. Kumeneko sapera. Mwana amadya zimene zili pa tebulo.

— Ndiye kampeni kanga kalakwa chiyani?

— Mwana ali ndi chaka ndi miyezi iwiri. Ali ndi mano asanu ndi atatu, ndawawerenga ndekha, ndi ntchito yanga. Koma chibadwire sanatafunepo kanthu. Amangomeza ngati akumwa mankhwala.

— Ndipo ndi wonenepa! Taona masaya. Anthu amandiimitsa pamsewu.

— Kukhitchini ya ana ndinamuchotsa kalekale pa gulu la makanda, ndinamulembetsa ku gulu la okulirapo. Anthu aja amadula karoti bwinobwino, timibulu tofewa, mbatatesi yoti kungoigwira ndi zala yaphwanyika. Inu mumakatenga botolo masana, kufika kunyumba, kukhuthulira m'kachigayo. Vuuu.

— Amadula zazikulu!

— Munapera nthochi.

— Nthochi ili ndi ulusi.

— Munapera yogati, Amayi. Yogati.

— Inali ndi mibulu! Unaiona iwe?

— Ndinkangomva. Nyumba yanu ili pansi pa yathu. Ikakwana nthawi ya nkhomaliro, pansi pamanjenjemera.

— Seka, mwana wanga, seka. Iwe sunaonepo mwana akutsamwa. Ine ndinaona. Ognyan wako yemweyo, ali wamng'ono ngati Tsveti, anameza pulamu...

— Chaka chatha inali mphesa.

— Inali pulamu!

— Pa ukwati wathu munauza amalume anga kuti inali tcheri.

— Kaya chinali chiyani! Ine ndimakumbukira nkhope, osati chipatso. Anada bii, milomo ngati inki, osalira, osatulutsa ndi mawu amodzi omwe. Tinali m'basi yochokera ku Lovech. Ndinamugwira miyendo, mutu pansi, anthu akukuwa. Iwe unali usanabadwe. Ukanakwatiwa ndi ndani?

— Ndikudziwa kuti munaopa. Zimenezo sindikuseka.

— Ukuseka.

— Ndikuseka chipatsocho basi. Koma pulamu yathunthu m'basi yodumphadumpha si karoti wowiritsa pa kampando, mwana atakhala tsonga, ine ndikumuyang'ana.

— Zonsezo waziwerenga pa foni.

— Anandiuza anamwino a kusikelo. Ndipo anati tachedwa kale. Mwana akazolowera zoperapera, pakamwa pamachita ulesi. Kambulu kakang'ono akamva pa lilime amadzuka mtima.

— Waona! Amadzuka mtima! Ndiye kuti sanakonzeke.

— Ndiye kuti sanaphunzire. Adzakonzeka liti? Pa ukwati wake tidzapera keke?

— Pakamwa pako, Nevena. Amayi ako ku Pleven anakulera ndi tsabola wowawa.

— Anandilera ndi chikhokho cha buledi m'manja.

— N'chifukwa chake umaluma. Chabwino. Tikambe za Lamulungu. Mwana wayamba kuyenda, buledi wake ayenera kugubuduzidwa. Kapena mwambo umenewonso anamwino ako auletsa?

— Ayi, umenewo ndikuufuna.

— Nsalu yoyera yoyala pansi ndachapa kale. Wogubuduza ndapeza, mwana wa aneba athu a Penka, makolo ake onse awiri ali moyo monga mwambo umafunira, ndipo amathamanga ngati mbawala. Pa katebulo ndiyikapo buku, cholembera, sizasi, ndi choyezera pamtima cha adokotala, ndabwereka. Chimene atole, ndiyo ntchito imene adzagwire.

— Choyezeracho muchiyika kutsogolo kwenikweni, ndikudziwa.

— Mwana amasankha yekha. Ognyan anatola buku.

— Ndiye akuwerenga zikwangwani za pamsewu mpaka ku Jeremani.

— Usanyoze mwamuna wako. Iwe uyikapo chiyani? Mano oyikirira?

— Foloko.

— Foloko si ntchito.

— Kwa Tsveti ndi ntchito.

— Mvera tsono. Buledi akanyemedwa, chidutswa choyamba n'cha mwana. Ndidzachiviika mu mkaka n'kuchipera, adzamwe ndi supuni. Kampeni kanga ndikafuna Loweruka.

— Ayi.

— Ayi chiyani?

— Mwana wothamangira buledi ndi miyendo yake adzamuluma ndi mano ake. M'kati mwa buledi mumafewa. Buledi ameneyo salowa m'kachigayo.

— Ndiye ukande wekha ufawo. Ine sindiphika buledi wopha mdzukulu wanga pamaso pa anthu.

— Ndikanda. Adzatuluka wolimba ngati njerwa, anthu a m'nyumba zonse za pa bulokupo adzalawa, n'kumafunsana kuti kodi a Tsvetanka akudwala.

— Ukundiopseza?

— Ndikungokuuzani mmene ndimaphikira.

— Dobri! Mukumva mkazi amene mwana wanu anatibweretsera? Akuti... Iwo akuti asalowetsedwemo. Amuna. Mano unawapatsa, koma pakamwa palibe mawu.

— Amayi.

— Chiyani?

— A Radka anandiimbira.

— Radka uti?

— Amene munkakhala nawo desiki limodzi kusukulu. Mkulu wa kumkombaphala.

— Halo? Nevena? Mawu akudukaduka...

— Musatsike pa nkhunipo. Mukundimva bwinobwino.

— Radka amaimbira anthu ambiri.

— Anati munapita ku ofesi kwawo ndi botolo la jamu. Munawauza kuti Tsveti amatsamwa ndi chilichonse, ngakhale madzi. Kuti akamulandira adzafera m'manja mwawo. Kuti malo akewo apatse mwana wina, ife tidzayesenso chaka chamawa.

— Ine ndinangopita kukacheza.

— Ndi jamu.

— Munthu sapita kwa mnzake chimanjamanja.

— Mukudziwa mmene malo amenewo amavutira. Ndinalembetsa Tsveti asanamere ndi dzino limodzi lomwe. Ku ntchito andisungira benchi langa mpaka Lolemba. Ndikapanda kufika, pali mtsikana wina wangomaliza kumene sukulu, akudikira ndi zida zake m'manja.

— Boma limakulola kukhala pakhomo mpaka mwana akwanitse zaka ziwiri. Ukuthamangira chiyani?

— Boma limandilola. Manja anga sandilola. Ntchito ya mano ukaisiya nthawi yaitali zala zimaiwala. Ndipo sindinaphunzire zaka zonse zija kuti ndizikhala pamwamba pa nyumba yanu n'kumamvera kachigayo.

— Radka wati chiyani tsono? Wachotsa dzina?

— Mukufuna ayankhe kuti chiyani?

— Ndangofunsa.

— Sanachotse. Ndi munthu wanzeru, anayamba wandifunsa. Koma mawu anu anawalowa. Akuti Lolemba pa nkhomaliro adzakhala pambali pa Tsveti iwo eni. Akadya zimene anzake akudya, malo ndi ake. Akalephera, sangaike ana ena ndi antchito awo pa mavuto, malo apita kwa wina.

— Ndiye bwino. Radka aone yekha.

— Eya, aone okha. N'chifukwa chake masiku onse amene mwakhala kumundako, ine ndi Tsveti tili pa sukulu. M'mawa, masana, madzulo. Foloko, osati kachigayo.

— Unadikira ndichoke.

— Inunso munadikira ndipite kusikelo kuti mukaone a Radka.

— Ognyan akudziwa zimenezi?

— Ndinamuuza. Anati, "Kambiranani nokha, ine ndili pa mzere."

— Mwana wa bambo ake.

— Apo tagwirizana.

— Iwe ukuganiza kuti ndine mfiti. Nena.

— Sindinanene.

— Rositsa, mwana wanga wamkazi, ali ku Spain. Ana ake ndimawaona pa foni, amandibayibitsa ngati ndine mayi wa pa TV, dzina langa lomwe amalephera kulitchula. Ognyan amagona m'thiraki m'maiko a eni. Pa buloku yathu yonse, amene watsala ndi mdzukulu woti n'kumunyamula ndine ndekha. Anzanga amanyamula agalu. Ndiye iwe ukuti Lolemba ndimupereke kwa anthu osamudziwa, ine ndizikhala ndi bambo ako n'kumawamvera akuswa mtedza?

— Zimenezo bwenzi mutandiuza ine. Osati a Radka.

— Ukanamva?

— Mwina ayi. Koma bwenzi jamu atabwera kwathu.

— Usandiseketse, ndakwiya.

— Kumkombaphala amaweruka ine ndisanaweruke. Pafunika munthu wokamutenga tsiku lililonse, kumudyetsa, kukhala naye mpaka ndifike. Sindinapemphe wina aliyense.

— Ukundipatsa zotsala.

— Ndikukupatsani madzulo onse. Koma kopanda vuuu.

— Ndiye ukundiikira malamulo pa mdzukulu wanga, wa dzina langa?

— Dzina ndi lanu. Pakamwa ndi pake.

— Ine sindi... Chimenecho n'chiyani? Nevena! Phokoso limenelo n'chiyani?

— Dikirani.

— Akutsamwa! Ndikumumva! Mwana akutsamwa!

— Sakutsamwa. Akutsokomola.

— Mupise chala m'kamwa! Chotsa!

— Chala chimakankhira m'kati. Tsveti, ndili pano, mwana wanga. Ndili pano.

— Mutembenuze! Mugwire miyendo! Dobri, lizani galimoto! Siyani tsabolayo, lizani galimoto!

— Amayi, khalani chete ndimumve! Wafiira ndipo akuchita phokoso. Wotsamwa sachita phokoso, mwanena nokha. Tulutsa, Tsveti. Eya. Kankha ndi lilime. Eya...

— Nevena?

— ...

— Nevena! Bwanji wangoti zii? Ndiyankhe! Mayi Maria, ndithandizeni. Nevena!

— Watulutsa.

— Akupuma?

— Akupuma. Simukumumva? Akukalipira karoti.

— Ambuye atamandike. Dobri, zimitsani galimotoyo, tabwerani mundigwire ndingagwe pa nkhunipa. Muchotse pa mpandopo, Nevena. Mupatse madzi. Zatha, basi, waona wekha.

— Dikirani kaye.

— Ndidikire chiyaninso?

— Kachidutswa kaja kali pa tebulo lake. Akukayang'ana. Akukagwira ndi chala.

— Taya!

— Wakatola.

— Mulande!

— Wakabwezera m'kamwa.

— Mulungu wanga. Iwe mtsikana, ulibe mtima?

— Wakapititsa kumbali. Ku usinini, kumene kulibe mano. Nsagwada zikuyenda, Amayi. Akutafuna ngati kangamila.

— Usandinamize.

— Wameza. Watsegula pakamwa kundionetsa. Mulibe kanthu. Akufuna china.

— Mawu ako akunjenjemera.

— Ndi netiweki.

— Netiweki. Hm. Zimenezi zachitika kangati chichokere ine?

— Tsiku loyamba, supuni iliyonse. Anasanza pa bulauzi yanga, ndinalira m'bafa. Dzulo kawiri. Lero ndi koyamba.

— Unalira?

— Musakauze a Penka.

— Ndipo unapitiriza.

— Ndinasintha bulauzi.

— Koma ndiwe mwala. Akudya chiyani chimenecho? Za m'botolo la kukhitchini?

— Za m'botolo wakana. Walawa kamodzi n'kukankha, zina zili pa khoma.

— Nanga?

— Supu uja munandisiyira mufiriji. Wa timipira ta nyama.

— Supu wanga? Ndinaphikira iwe ameneyo!

— Ndinkadya ine, iye n'kumaloza. Ndiye ndinaphwanya kampira kamodzi ndi foloko, karoti, mbatatesi pang'ono. Chiyambire Lachitatu safuna china chilichonse. Mphika watsala pang'ono kutha.

— Muli mchere mmenemo.

— Mumaphika mopanda mchere chifukwa cha BP ya abambo. Tonse timadziwa, timangothira mobisa.

— Wakana za boma n'kudya zanga.

— Musanyade kwambiri. Lolemba ayenera kudya za eni.

— Timipira timeneto ndimaika mpunga m'kati, n'chifukwa chake timafewa. Wophika wa kwa Radka sangadziwe zimenezo. Wadya tingati?

— Aka n'kachiwiri.

— Phwanya bwinobwino. Osasiya chachikulu kuposa chikhadabo.

— Ndaphwanya.

— Chikhadabo cha mwana, osati chako. Ika foni pafupi naye.

— Kuti mumuuze chiyani?

— Sindimuuza kanthu. Ndikufuna ndimve. Dobri, khalani chete!

— Ndaika.

— ...Ndi iyeyo akuchita nyamu nyamu choncho?

— Ndi iyeyo.

— Amadya ngati agogo ake aamuna. Opanda ulemu.

— Wagwira foni ndi manja a supu. Tsveti, siya. Siya! Halo, mukadalipo?

— Ndilipo. Ndipita kuti, pamene ndakakamira pa nkhuni? Mvera. Ine sindinanene kuti wachita bwino. Kuba ndi kuba.

— Ndavomera.

— Ndipo mtima wanga ukaima tsiku lina pa nkhomaliro, udzauze anthu pa maliro kuti unandipha ndi karoti.

— Ndidzalemba pa mwala.

— Radka ndimuimbira madzulo ano. Ndimuuza kuti...

— Ayi. Musaimbe.

— Ndikufuna ndikonze!

— Mwaimba kokwanira, Amayi. Mukaimbanso adzati banja lonseli ndi lamisala, lero mwana akufa, mawa akudya nyama. A Radka adzayankhidwa ndi Tsveti Lolemba, ndi pakamwa pake.

— Nanga akakadzuka mtima pamaso pa Radka?

— Adzatulutsa n'kutolanso. A Radka aona ana ambiri kuposa ife tonse awiri.

— Akakalephera?

— Ndiye ntchito yanga yapita, ndipo mudzakhala nane pamwamba panu chaka chathunthu, ndilibe chochita, ndikuganiza za jamu.

— Mulungu atithandize tonse. Ndiye mwana ayenera kuyeserera. Supu watsala wochuluka bwanji?

— Wa madzulo ano basi.

— Mawa ndikubwera. Dobri atsala ndi tsabola wakeyu.

— Bondo lija?

— Bondo likwera basi. Ndidzaphika wina, ndi mbatatesi zophwanya ndi foloko, ndi dzungu. Koma kudyetsa udzadyetsa iwe. Ine ndizikaima pakhonde, chitseko chotseka.

— Tsiku loyamba pakhonde. Tsiku lachiwiri pakhomo. Tsiku lachitatu foloko m'manja.

— Ukundiphunzitsa ngati mwana.

— Pang'onopang'ono, timibulu tating'ono kaye.

— Mwano. Nanga kampeni kanga?

— Lachiwiri, za Lolemba zikadutsa.

— Tsabola adzakhala atawola!

— Chopukusira chili m'shedi, kuseri kwa mbiya ya kachasu wa rakiya. Abambo akudziwa bwino pamene pali mbiyayo.

— Dobri! Pitani mukatenge chopukusira cha amayi chija. Inde, chamanja. Musandiyang'ane choncho, mphamvu zoswera mtedza muli nazo. Nevena, buledi wa Lamulungu usamukhudze. Ndi manja akowo ungatichititse manyazi.

— Ndiye muphika?

— Ndiphika. Wofewa m'kati ngati thonje. Koma chidutswa choyamba ndidzamupatsa ndine, ndi dzanja langa.

— Chouma. Chopanda mkaka.

— Ndamva! Ukufuna ndilumbire m'tchalitchi? Ndipo foloko yakoyo udzaiyike kumbuyo kwa choyezera cha adokotala, osati kutsogolo.

— Mwana amasankha yekha.

— Foni ikulira, mayunitsi akutha. Mvera msanga. Madzulo ano usamupatse wozizira, utenthetse, koma ulawe kaye. Akhale tsonga. Usamuseketse ali ndi chakudya m'kamwa. Ndipo karoti ameneyo, ukamuphwanya, uyambe wa...

— Halo? Amayi? Halo?... Apita agogo ako. Iwe, chimenecho watenga kuti? Lavu... ayi. Ayi, usalavule. Tafuna.